Mpata Wachitatu wa a Gerevazio

Mlongo wanga Limbikani anabwera kuchokera ku Joni ali m'bokosi. Katundu wake yense anali chikwama chimodzi: mathalauza, chipewa chofiira choluka ndi foni yosweka pakona. Tinamuika kuno kwathu kumtunda kwa Lobi m'nyengo yozizira, nkhungu itatsika moti adzukulu okumba manda sankaonana nkhope bwinobwino. Foni ija amayi anaisunga m'kathumba komwe amasungira kolona.

Amayi anga, a Magadalena, anaphunzitsa ana a pulayimale mpaka kupuma ntchito, ndipo si munthu woopa mabatani. Koma maliro aja anawafoola. Kudya ankangolawa, kudimba anasiya kupita, kulimana, kumapemphero a akhristu a m'mudzi, ankangokhala chete anzawo akuimba. Tsiku lina foni ija inalira. Anali Themba, mnzake wa Limbikani amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Joniko. Atapepesa mokwanira, anati, "Amayi, musaifafanize foniyo. Muli munthu wa Limbikani m'menemo."

Ine ndinachita tsemwe. Munthu m'foni?

Themba anafotokoza. Inali gemu ya pa intaneti. Aliyense amakhala ndi munthu wake m'menemo, ndiye mumagwirizana anthu angapo, wina ali ku Joni, wina ku Lilongwe, n'kumayenda limodzi m'mapiri ndi m'mapanga kumenyana ndi zilombo. Mbali imene anyamatawa ankasewera inali yankhanza: munthu wako akagwa, wina osamudzutsa msanga, wafa basi, sabweranso. Limbikani anamusunga wake ndi moyo chifikire ku Joni, osafa ngakhale kamodzi.

Amayi anatsegula. Panatuluka chimunthu cha mapewa aakulu, nkhwangwa paphewa, chipewa chofiira kumutu, dzina lili pamwamba pake: Limbikani. Anakanikiza chala, chimunthu chija chinayenda.

"Taona Jestina," anatero amayi. "Kayendedwe n'komweko."

Zidole zonse za m'menemo zimayenda mofanana, ndinaziona ndi maso angawa. Koma sindinanene. Tsiku limenelo amayi anamaliza chakudya chawo chonse koyamba chiikire maliro.

Anaphunzira msanga, mphunzitsi ndi mphunzitsi. Vuto linali loti gulu la anyamatawo linalibe mchiritsi, amene analipo anapeza ntchito yosamupatsa mpata. "Limbikani ndi woyenda patsogolo," anatero Themba. "Zibonga zonse zimagwera iye kuti ine ndi mnzathu wina, Kenan, tizilasa tili kumbuyo. Popanda womuchiritsa sangathe Sabata ziwiri." Madzulo ake amuna anga, a Gerevazio, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi a Fiona, kawauzeni amayi kuti ntchito ya mchiritsiyo ndiitenga ine."

Ndiyambe ndakuuzani za amuna angawa. A Gerevazio kwawo ndi ku Kasina, kuno anabwera chikamwini, ndipo ndi mkamwini wa kale lija. Akamwini a masiku ano amakweza apongozi awo panjinga yamoto, apongozi atawagwira m'chiuno, kumaseka mpaka ku Boma. Osati awa. Akaona amayi akubwera m'njira, iwo tswee m'chimanga, kaya muli chisoso kaya muli lunguzi. Moni wawo unali wogwada patali, maso pansi. Mawu aliwonse opita kwa amayi ankadzera mwa ine. Fiona wathu wafika mpaka kusekondale, awiriwa asanapatsanepo ngakhale kapu ya madzi dzanja ndi dzanja. Amayi nawonso ankazikonda, ankanyadira kulimana kuti mkamwini wawo analeredwa.

Koma ndi Limbikani, ee! Chilamu chawo chinali chosowetsa mtendere. "Alamu, mwabwera kudzatimalizira nyemba eti?" "Iwe, nyemba zake ziti, walimapo liti?" Kugwetsana pabwalo ngati ana. Tsiku lina Limbikani atabinya mwendo pa mpira, a Gerevazio anamubereka kuchokera kubwalo la sukulu mpaka kunyumba, njira yonse akutukwanizana.

Kwathu kuno netiweki imagwira bwino pathanthwe limodzi lokha, pamwamba pa dimba lathu la kachewere. Ndiye Lamulungu lililonse tikachokera ku Misa tinkakwera. Amayi ankakhala mbali iyi ya thanthwe moyang'ana mapiri a ku Mozambiki, a Gerevazio mbali inayo atafulatira, ine pakati ndi lichero langa ndikusankha nyemba. Themba ndi Kenan ankamveka m'mafoni onse awiri. Ntchito yanga inali ya mthenga.

"Mayi a Fiona, auzeni amayi abwerere m'mbuyo pang'ono, atuluka m'mvula yanga yochiritsa."

"Amayi, akuti mubwerere..."

"Auze kuti ndamva. Auzenso kuti chishango chachedwa."

Anthu akumvana okha bwinobwino, ine ndikuuma kukhosi chabe. Ku Joniko Themba ankaseka mpaka kutsokomola. Akatha kuseka ankayamba nkhani za Limbikani: mmene anapsereza mpunga mpaka eni nyumba kubwera ndi ndowa, mmene ankaimbira nyimbo za kwaya akusamba. Nkhani zimenezi amayi sakanazimva kwina kulikonse. Ankangoti, "Ndiyeyo, ndiyeyo," uku nkhwangwa ikugwira ntchito.

Pa uchiritsi a Gerevazio sindingawanamizire, ankautha. Ine ndinkawaseka kuti wa kwaya ya tchalitchi wasanduka sing'anga wa m'foni, koma iwo anaitenga ngati ntchito. Maluso a mchiritsi ndi ambiri, koma mipata yoikamo ndi itatu yokha, ndiye umayenera kusankha. Mpata woyamba anaikamo mvula: amaiponya patali, n'kugwa pamalo amodzi, aliyense woima pamenepo mabala amapola. Wachiwiri anaikamo chishango, chimenenso amachiponya ali kutali, n'kumuphimba munthu kwa kanthawi. Anaphunzira kuwerenga chilombo ngati mmene amawerengera mitambo. Chikangokweza phewa, chishango chafika kale pa Limbikani.

Mkangano unali pa mpata wachitatu. Themba ankafuna luso lodzutsa wakugwa. A Gerevazio analiyesa kamodzi, pa munthu wa Kenan, pamalo ophunzirira pomwe munthu safa zenizeni. Ndinasuzumira kuti ndione. Luso limeneli silichitikira patali. Mchiritsi amathamangira pomwe wagwa mnzakeyo, n'kugwada, n'kumunyamula m'manja, n'kumukumbatira pachifuwa, nkhope ndi nkhope, mpaka atadzuka. A Gerevazio anaika foni pansi ngati yawatentha.

"Ine ndichite zimenezi kwa apongozi? Anthu akuona?"

"Inu, si zidole izi?" ndinatero.

"Chidolecho akuchiyendetsa ndani?"

"Nanga amayi akhala m'fonimo? Si awo ali apowo?"

"Mayi a Fiona, pali zinthu zina munthu suchita, kaya ndi m'foni kaya ndi kumaloto."

Anachotsa luso lija n'kuikamo nyimbo. Mchiritsi akaimba nyimboyo anzake onse amapepuka miyendo, amazinda msanga. Ankati mchiritsi wabwino sadikira kuti munthu agwe. Ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti ankanena zoona. Tinakumba kachewere, tinabzala chimanga, mvula inabwera n'kupita, Limbikani osagwa ngakhale kamodzi. Themba anatopa n'kusiya kuinena nkhaniyo. Inenso ndinasiya.

Ndiye tsiku lina Themba yemweyo pakamwa panamuterera. Tinkadutsa pakhomo pa phanga lalikulu, iye n'kuti, "Umu ndi momwe Limbikani ankafuna kulowa. Ali kuchipatala ankati, ndikangochira tikalowa." Atanena anadziwa kuti walakwitsa, anayamba kukamba zina. Amayi anaimitsa Limbikani pakhomo paja nthawi yaitali.

"Lamulungu likubwerali tilowa," anatero.

Ndinakangana nawo sabata yonse. M'gemumo muli mudzi womwe chilombo sichifika. Ndinati amusiye kumeneko, azimuyendetsa pamsika, azimuona, Themba azikamba nkhani zake, basi. Tikufunanso chiyani? Amayi anandiyang'ana ngati ndine mwana wa sitandade wani.

"Ali moyo ndinatha kumusunga pakhomo? Mwana ameneyu sankakhala pansi. Chimene anasiya pakati ndimumalizira."

Lamulungu linafika kuli mphepo, mitambo ikuchokera ku Mozambiki. Tinakwera pathanthwe, aliyense pamalo pake. Lichero ndinanyamula koma sindinasankhe nyemba ngakhale imodzi. Lamulo la phanga lija linali loti ukalowa sungasinthenso maluso, zomwe walowa nazo ndi zomwezo. Ali pakhomo, Themba anati, "Achimwene a Gerevazio, ndikupempha. Chotsani nyimbo muike kudzutsa. Lero lokha."

"Ikani, bambo a Fiona," ndinatero ine.

Ndinaona chala chawo chili pamwamba pa luso lija. Anacheuka pang'ono kuyang'ana kuseri kwa thanthwe, komwe kunkaoneka nsonga ya duku la amayi. Ndikhulupirira kuti amayi akanangotsokomola, akanaika. Koma amayi anali zii, maso pafoni. A Gerevazio anabweza chala.

"Auzeni amayi asade nkhawa. Sagwa."

Analowa.

Chilombo chake chinali chonyansa, mutu ngati wa nguluwe, manja ofika pansi. Koma zinkayenda, abale. Amayi ankatema, Themba ndi Kenan ankalasa, a Gerevazio mvula apa, chishango apo, nyimbo panthawi yake. Sindinawaonepo akusewera bwino ngati tsiku limenelo. Chikakweza dzanja, Limbikani wazinda kale. Mzere wa moyo wa chilombo unatsika mpaka kutsala kachidutswa. Themba anayamba kukuwa, "Chatha! Amayi, chatha ichi!" Ine ndinali nditaimirira osadziwa, nyemba zitamwazika.

Kenako foni ya amayi inalira kuti ting'. Uthenga wa Chipwitikizi, wotilandira bwino ku Mozambiki.

Aliyense wa kuno amazidziwa. Malire ali pafupi, ndiye nthawi zina foni imangolumpha yokha n'kugwira netiweki ya tsidya lija, intaneti n'kuduka. Masiku onse timaseka, timati tapita kunja popanda pasipoti. Zinachitikapo kale tili m'gemu, koma pa tizilombo tating'ono, chishango chinkakwanira kudikira.

Pafoni ya a Gerevazio ndinaona Limbikani ataima chilili, nkhwangwa ili pansi, ngati munthu amene waiwala chomwe wadzera.

"Amayi, yendani! Yendani!" anakuwa Themba.

"Sakuyenda!" anatero amayi. "Jestina, sakuyenda!"

A Gerevazio anaponya chishango. Chibonga choyamba chinachiphwanya. Anaponya mvula, koma mvula imapoletsa pang'onopang'ono. Anaimba nyimbo, koma nyimbo ingamuthandize chiyani munthu wosasuntha? Chibonga chachiwiri, chachitatu. Limbikani anagwa chafufumimba. Pomuzungulira panabwera kamkombero koyera, n'kuyamba kuchepa.

"Dzutsani!" anakuwa Themba. "Ife tichikokera kuno, mpata ulipo, dzutsani!"

Mpata unalipodi. Chilombo chinatsatira anyamata aja kukona. Mchiritsi wa a Gerevazio anathamanga mpaka pomwe panagona Limbikani, n'kuima. Kwa nthawi yoyamba anali pafupi choncho. A Gerevazio anakanikiza batani lililonse lomwe linalipo. Mvula inagwa pa munthu wakugwa. Chishango chinaphimba munthu wakugwa. Nyimbo inalira. Kamkombero kaja kankangochepa.

Ndiye anachita chimene sindinaganizepo kuti ndidzachiona. Anataya foni yawo, anadzambatuka, anazungulira thanthwe kuthamanga, n'kugwada pambali pa amayi, bondo kukhudza chitenje chawo. Anagwira foni ili m'manja mwa amayi, zala zawo pamwamba pa zala za apongozi awo, akufufuza pobwezera netiweki ya kwathu. "Pepani amayi, pepani, dikirani, ibwera, ibwera." Ankalankhula nawo maso ndi maso, osadziwa n'komwe kuti akutero.

Netiweki inabwera. Kubwerako sikukanamudzutsa, zimenezo tonse tinkazidziwa, koma munthu umayesa. Pafoni panali potuwa. Chimunthu chija panalibe, panatsala chipewa chofiira pansi ndi mawu ochepa a Chingerezi onena kuti ulendo wa Limbikani wathera apa. Mchiritsi wa a Gerevazio nayenso chilombo chinamupeza ataima yekha n'kumupha, koma ameneyo palibe anamulira.

Kenaka tinamva Themba akulira ngati mwana, foni n'kuduka.

A Gerevazio anazindikira pomwe anali. Anabweza manja msangamsanga, anafuna kudzuka kuti athawe. Amayi anawagwira dzanja.

"Khalani pansi, bambo a Fiona."

Anakhala. Mphepo inkawomba duku la amayi. Sanakalipe, bola akanakalipa.

"Ndikufunseni. Amene munkachita naye manyazi kumunyamula uja ndani?"

"Amayi, ine ndimati ulemu..."

"Ine ndinali pano, pathanthwe. Uja anali mlamu wanu. Munamubereka kuchokera kubwalo la mpira mpaka pakhomo panga, akukutukwanani njira yonse. Lero zinavuta pati?"

Ndinaona nkhope ya a Gerevazio ikusintha. Miyezi yonse ija iwo ankaona apongozi atanyamula nkhwangwa, pamene amayi ankaona mwana wawo. Anaphimba kumaso ndi manja onse awiri n'kulira, kulira kumene sanalire ngakhale pamanda. Ine ndinali nditakonza mawu oti ndiwalase nawo mpaka adziwe. Ndinawameza. Ndinayamba kutola nyemba zanga m'ming'alu ya thanthwe.

Potsika amayi anatsogola, ine pambuyo pawo. Tili pakati pa dimba anaima osacheuka.

"Usawadzudzule amuna ako. Nanenso ndinali ndi pakamwa. Themba atapempha paja ndinafuna kunena kuti ikani, koma ndinati mkamwini andiona bwanji, mayi wamkulu kupempha kunyamulidwa."

Zinathera pomwepo. Themba anaimba kangapo kuwapempha kuti apange munthu wina watsopano, amutche dzina lomwelo, amuveke chipewa chomwecho. Amayi anakana. Anati mwana sapangidwa kawiri. Kuimba kwa Themba kunayamba kutalikirana, nanga akanakamba chiyani popanda ulendo woyenda limodzi? Nkhani za mpunga wopserera zinatha. Foni ija inabwerera m'kathumba ka kolona.

Anthu a m'mudzi muno amati zinthu zinakoma pakhomo pathu, chifukwa tsopano a Gerevazio ndi amayi amalankhulana. Zoona, amalankhulana. Amakambirana za feteleza, amapatsana madzi, tsiku lina anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Ine ntchito ya uthenga inandithera. Koma wina akandiuza kuti zinakoma ndimafuna kumulavulira, chifukwa ndikudziwa chomwe tinataya kuti zifike apa. Chala chimodzi chokha, pakhomo pa phanga paja, chikanakwana.

A Gerevazio anayambanso mchiritsi wina. Luso lodzutsa analiika mumpata woyamba. Lamulungu amakwera okha pathanthwe n'kulowa m'magulu a anthu osawadziwa, a mayiko ena, oti ngakhale chilankhulo samvana. Wina akagwa, iwo amathamanga chilombo chili pomwepo, osasamala za moyo wawo. Ndinawauza kuti akudzizunza chabe, koma sanaleke.

Lamulungu lapitali ndinali kudimba ndikuthirira kabichi pomwe ndinaona amayi akukwera kuthanthwe, koyamba chichitikire zija. Ndinasiya khasu ndi ndowa n'kuwatsatira. Anakaima kumbuyo kwa a Gerevazio, manja kumsana, ngati mmene ankaimira kumbuyo kwa ana m'kalasi. Pafoni munthu wina wachilendo anali atagwa. Mchiritsi anathamanga, anagwada, anamunyamula, anamukumbatira pachifuwa. Patapita kanthawi munthu uja anadzuka, anatola chida chake n'kuthamangira kunkhondo osathokoza n'komwe.

"Ndiye amanyamula choncho?" anafunsa amayi.

"Eya, amayi."

"N'kudzukadi?"

"Amadzuka."

Amayi anakhala pansi pambali pawo, anakonza chitenje m'mawondo.

"Akagwanso wina mundionetse," anatero.